Mpweya wa Mkamwini

1

Ndikuchenjezeni poyamba pomwe: ine ndine munthu wanthabwala, ndipo anthu akwathu ku Chadiza akadzamva kuti Wadson Sakala walemba nkhani m'magazini, adzayamba kuseka asanawerenge. Sekani, palibe mlandu. Koma musungeko mpweya pang'ono, muufuna kutsogoloku.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 3. Umbuli ayi, koma ine ndi aphunzitsi tinasiyana maganizo pa nkhani ya chule amene anapezeka m'thumba la jekete lawo. Ndinapimako nsalu m'sitolo ya mmwenye ku Chipata, ndinalawako fumbi la ku Kitwe, kenaka ndinabwerera ndi sutikesi imodzi ndi pakamwa pomwepa. Mu 1979 ndinakwatira Lonia wa ku Mlolo, n'kukhala pachikamwini m'mudzi mwa mkazi wanga.

Inu a m'tauni mwina munaiwala chikamwini. Mkamwini ndi mlendo wolima. Nyumba umanga ndiwe, munda uswa ndiwe, ana ubala ndiwe, koma tsiku limene walakwa umatuluka ndi mkeka ndi khasu, ana n'kutsala m'manja mwa amalume awo. Ine ndinali ndi awiri, Ezara ndi Juliana, ndipo sindinkafuna kumadzawaona pa Khirisimasi pokha ngati mpunga.

Lamulo lalikulu pa malamulo onse linali la apongozi. Amayi ake a Lonia, a Dailesi (andikhululukire powatchula dzina), anali mayi wamasiye, wa Chigwirizano cha amayi ku mpingo wa Reformed. Zaka zisanu zathunthu ndinali ndisanawaone nkhope. Ndinkawadziwa mapazi ndi katsokomoledwe. Ndikawaona akubwera panjira, ndinkapatukira m'thengo ndi kunyonyomala mpaka adutse. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana wawo, ine ndili pomwepo kuseri kwa nkhokwe.

"Lonia, uwauze aja kuti mbuzi zalowa m'dimba."

"Amake Ezara, muwauze kuti ndamva."

Lonia pakati, ngati positi ofesi.

Mudzi wonse unkati pa ulemu palibe mkamwini wondiposa. Pakamwa ndinali chitsiru, inde, koma miyendo yanga inkadziwa mwambo.

2

Mu 1984 atcheyamani a chipani anaitanitsa msonkhano. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ngati mphuno. Anati boma likufuna anthu awiri odzipereka m'mudzi uliwonse, mwamuna ndi mkazi, akaphunzire kuthandiza odwala mwadzidzidzi. Malipiro palibe. Anthu onse anayamba kuwerenga nyerere pansi. Kenaka anati awiriwo adzapatsidwa njinga imodzi. Dzanja langa linakwera lokha, ine osalituma.

"Khadi lachipani muli nalo, a Sakala?"

"Ndimagona nalo, atcheyamani. Lonia amachita nalo nsanje."

Kwa akazi anasankha Mailesi, mbeta ya kumalire a mudzi, kufupi ndi minda. Mwamuna wake anapita ku migodi kukagula bulangete, mpaka lero akusankhabe mtundu.

Tinakhala masabata awiri ku boma. Wotiphunzitsa anali Sisitala Felicia, mayi wamfupi wa mawu ngati wenzulo ya apolisi. Tinaphunzira kumanga mabala, kusamala wolumidwa ndi njoka, kusungunula mchere ndi shuga kwa mwana wotsegula m'mimba. Masiku atatu otsiriza anabwera ndi bokosi, natulutsamo chidole cha labala: mzungu wamutu ndi chifuwa, miyendo palibe. Tinamutcha Bwana Theka.

"Mtima umatha kuima ngati wotchi," anatero Sisitala. "Mphenzi, kumira m'madzi, matenda a mtima. Munthu wagwa, sakumva, sakupuma. Kuchokera ku Mlolo kufika kuno pangolo ndi maola angati?"

"Ng'ombe zikakhala zachikhristu, anayi," ndinayankha.

"Ubongo umadikira mphindi zinayi basi. Ndiye kuti kumudziko chipatala ndinu."

"Mawotchi tilibe, Sisitala."

"Nyimbo imodzi ya m'buku, mavesi onse. Ikatha musanayambe, mwachedwa."

Anatisonyeza: kugoneka munthu chagada, kumasula zovala pachifuwa, kukweza chibwano, kutsina mphuno, kuuzira mpweya mkamwa kawiri, kenaka kutsindika pakati pa chifuwa kakhumi ndi kasanu, manja osapinda. Kubwereza mpaka munthu apume kapena iwe ukomoke.

"Sisitala," ndinafunsa ndikupukuta milomo, "mzunguyu akadzuka sayamba kufunsa za msonkho?"

"Pitirizani, a Sakala."

"Nanga wogwayo akakhala mkazi wa mwini?"

"Mwiniyo asankhe yekha: mkazi wouziridwa mpweya kapena mtembo wa ulemu."

Tinaseka mpaka misozi. Mailesi ndiye anaseka koposa, koma mlomo wake pa Bwana Theka sanauike. Nthawi yake ikakwana, ankagwidwa ndi ludzu kapena mutu. Satifiketi analandira ndithu, pamodzi ndi tonsefe.

Ndinafunsa mafunso opusa ambiri masiku amenewo. Funso limodzi limene ndinayenera kufunsa silinandibwerere m'mutu.

3

Lachiwiri lina la Disembala, nthawi yopalira, masana, mitambo inadera kumbali ya Mozambiki. Anthu anathawa m'minda. Mphenzi inang'amba mtengo wa muwanga umene unali pambali pa njira yochokera kuminda, ndipo apongozi anga anali akudutsa pomwepo, khasu paphewa.

Kumene ndinali ine, ndi mmene ndinafikira pamalopo, ndikuuzani kutsogolo. Anthu onse ndinawauza kuti ndinali kudimba, kutsidya kwa mtsinje, ndipo ndinathamanga nditamva kugunda. Pakali pano inunso mumve choncho.

Ndinagwada pambali pawo. Kanali koyamba kuwaona nkhope: Lonia yemweyo, koma wa mphini ziwiri patsaya ndi imvi m'mbali. Maso theka, milomo yotuwa. Ndinaika khutu pamphuno pawo. Zii.

Manja anga anagwira ntchito mutu usanavomere. Ndinamasula nsalu pachifuwa cha apongozi anga. Ndinawakweza chibwano, ndinawatsina mphuno, ndinaika pakamwa panga pakamwa pawo. Werenganinso mzere umenewo, inu akamwini anzanga, muone ngati tsitsi silikuimirani.

Mvula inayamba kukhuthuka. Ndinkawerenga mofuula ngati mwana wa Sabu A, kalasi yoyamba. Pakati pa kutsindika ndinamva kanthu kakuti thyo pansi pa zikhato zanga, koma Sisitala anali atatiuza kuti nthiti imapola, manda sapola. Sindidziwa ndinabwereza kangati. Ndiye mwadzidzidzi chifuwa chija chinadzikweza chokha, anakoka mpweya ngati munthu wotuluka pansi pa madzi, natsokomola. Katsokomoledwe komwe kaja.

Ndinawagoneka cham'mbali, ndinawafunditsa nsalu yawo, ndipo pomwepo nzeru zinabwerera. Zinabwera ndi mantha. Amalume a Lonia, a Filimoni, mkulu wa mpingo, akamva kuti mkamwini wavula apongozi ndi kuwagwira pachifuwa, ine ndigona kwathu ku Pembamoyo sabata lomwelo, wopanda ana.

Nyumba yapafupi inali ya Mailesi. Ndinalowa ngati mbuzi yothawa fisi.

"Mailesi, tiye msanga! Apongozi agwa ndi mphenzi, koma apuma. Ukanene kuti wawadzutsa ndiwe."

"Ine? Chidole chomwe ndinachikana!"

"Chonde mlongo wanga. Ine ndawa..." Ndinangoloza milomo yanga.

Anandiyang'ana, maso n'kukula, kenaka anagwira pakamwa kuti asaseke.

"Mayo ine! A Wadson! Apongozi anu enieni?"

"Sekani mawa. Lero ndithandizeni."

Anamanga nsalu m'chiuno, naima pakhomo.

"Njinga."

"Iti?"

"Ilipo ina?"

4

Tinawanyamula pangolo. Lonia anakhala nawo kumbuyo, mutu wa mayi ake pamiyendo, Mailesi pambali, ine kutsogolo ndi ng'ombe, osacheuka, monga mwa mwambo.

Anakhala m'chipatala masabata atatu. Moyo unapulumuka, koma dzanja lamanja linangolendewera ngati nsanza, ndipo lilime linalemera. Ndinali pakhonde pamene Lonia anafunsa Sisitala Felicia ngati dzanjalo lidzagwiranso khasu.

"Sindikunamizani, amayi. Mwina ayi."

"Ndi mphenzi yatero?"

"Mwina ndi mphenzi. Mwina mpweya unachedwa kufika kumutu. Sindingadziwe."

Sisitala anatembenukira kwa Mailesi.

"Iwe wandidabwitsa. Nthiti ziwiri wathyola. Manja akowa ndi achimuna, eti?"

Anatero akuyang'ana ine. Ine ndinayamba kuchita chidwi ndi denga.

Mbiri ya Mailesi inawanda ngati moto wa m'lupsa. Amayi a chipani anamupekera nyimbo. Atcheyamani anamuveka chitenje pamsonkhano, nati nayu mzimayi wachitukuko. Amayi a Chigwirizano anamupititsira nsinjiro ndi dzungu. Iye ankangomwetulira, akupalasa njinga yanga, belu ngele ngele, podutsa pakhomo panga penipeni.

Koma mudzi uli ndi maso. Mwamuna amene ankapukuta njinga m'mawa uliwonse asanasambe kumaso, lero waipereka kwa mbeta? Kumjigo anayamba kunong'ona.

"Atate ake Ezara," anatero Lonia tsiku lina akusenda chinangwa, "njinga ija inasamuka?"

"Ndi ya tonse awiri. Boma linatero."

"Boma linatinso izigona komweko?"

"Wapulumutsa amayi anu, amake Ezara. Ndi kuthokoza chabe."

"Ooo. Ndiye kuthokozako kumafuna kuti mupiteko kawiri pasabata?"

Zoona ndinkapitako. Mailesi akalawa kachasu pakamwa pake pankamasuka, choncho ndinkapita kukamukumbutsa kuti chinsinsi ndi chinsinsi. Tulo sindinkaliona bwino. Munthu akaseka kuseri kwa nyumba ndinkati akuseka ine. Apongozi akatsokomola kutsidya kwa bwalo, milomo yanga inkayabwa.

5

Mwezi wa Malichi kunabwera kalata. Kuboma kukubwera alendo a ku Lusaka, ndipo Mailesi akaonetse pa Bwana Theka, pamaso pa khamu, mmene anadzutsira munthu wakufa.

Anabwera kudimba kwanga akupuma ngati ng'ombe yokoka pulawo.

"A Wadson, ndatha ine! Mphuno amatsina poyamba kapena pomaliza?"

"Unali kuti pophunzira?"

"Ndinali ndi mutu. Ndiphunzitseni, apo ayi ndikaulula zonse pa maikolofoni."

Tinapangana kukumana masana m'chigafa cha fodya cha atcheyamani, pamene anthu ali kuminda. Ndinabwera ndi thumba lodzaza makoko a chimanga. Kutsindika anaphunzira msanga, mkazi wa mtondo uja. Koma thumba lilibe chibwano, lilibe mphuno.

"Gonani inuyo," anatero.

"Iwe Mailesi, usandiphe."

"Sindiuzira ayi. Ndingoona pogwira."

Ndinagona chagada pansi pa fodya wopachika. Anandimasula mabatani a shati, anandikweza chibwano, ananditsina mphuno, naweramira pankhope panga. Kuwala kwa pakhomo kunazima.

"Pitirizani," anatero mawu amene ndinkawadziwa bwino. "Musasiye. Wodwalayo sanadzuke."

Lonia anali ataima pakhomo, mtolo wa nkhuni pamutu. Sanakuwe, sanalire. Akanakuwa bwenzi zili bwino.

"Amake Ezara, ndi maphunziro awa!"

"Ndaona. Satifiketi mukalandira kwa amalume."

6

Loweruka m'mawa tinakhala pansi pa mango kuseri kwa nyumba ya apongozi. Ankhoswe a mbali ya Lonia anali a Filimoni, Baibulo pabondo, magalasi pamphuno. Anga anali amalume anga a Jonasi, amene anayenda wapansi kuchokera ku Pembamoyo ndipo anandipatsa moni wa mawu awiri: "Wapusa, mphwanga." Mailesi anamukhazika pamphasa payekha. Apongozi anawatulutsa pampando, atafulatira mbali yanga, ine ndafulatira yawo.

A Filimoni sanataye nthawi.

"Njinga mwapereka. Kunyumba kwake mumapita. Mwapezedwa m'chigafa shati ili pululu, mkazi ali pamwamba panu. Mkamwini, tiuzeni chimene sitikuchidziwa."

"Tinkayeseza za ku boma, amalume."

"Woyesezayo ndi amene anadzutsa mlongo wanga kwa akufa? Katswiri aphunzire kwa inu, amene munali kudimba?"

Anthu anaseka. Ndinakodwa ndi msampha wotchera ndekha. Njira zinali ziwiri: kuvomera chigololo chimene sindinachite, kapena kunena chimene ndinachita. Zonse ziwiri zinkathera pa mkeka ndi khasu. Ndinaona Ezara ndi Juliana akusuzumira kuseri kwa nkhokwe imene ndinamanga ndekha. Pakamwa panga, pamene panandidyetsa ku Chipata ndi ku Kitwe, panauma gwaa.

"Mailesi, nanga iwe?" anafunsa a Filimoni.

Mailesi anangoyang'ana pansi, akukumba dothi ndi chala.

"Basi," anatero a Filimoni akuvula magalasi. "A Jonasi, munthu wanu mutenge. Ana ndi athu."

Pomwepo kunamveka kutsokomola.

"Achimwene... dikirani."

Mawu a apongozi ankatuluka limodzilimodzi, ngati munthu wokoka chidebe m'chitsime chakuya.

"Mailesi... mwana wanga... dzutsa mutu. Uli ndi ndevu iwe?"

"Ndevu, amayi? Ayi."

"Tsiku lija... podzuka ine... chibwano changa chinali chokandika ndi ndevu. Masiku atatu chikuwawa. Ndipo amene ankawerenga pamwamba panga... anali ndi mawu omwe aja... amati, muwauze kuti ndamva."

Kunabuka phokoso ngati msika. Amayi ena anagwira kumutu. A Jonasi anavula chipewa, nachivalanso. A Filimoni anaimirira, Baibulo n'kugwa.

"Malaulo! Mkamwini kugwira apongozi? Pakamwa? Mlongo wanga, ukudziwa chimene ukunena? Ndiye mlandu wakula kuposa chigololo!"

"Khalani pansi, achimwene. Mukadakonda... kulalikira pamaliro anga?"

"Koma mwambo..."

"Mwambo ulipo. Mkamwini ndi apongozi... amalowana. Nkhuku imaperekedwa, manyazi n'kutha, anthu n'kumalankhulana. Ife tinalowana kale... pansi pa muwanga. Yatsala ndi nkhuku. Lonia, gwira yoyera ija."

Lonia sanasunthe msanga. Ankandiyang'ana ngati akundiona koyamba.

"Miyezi itatu, amayi, inu mukudziwa?"

"Ndimadikira... anene yekha. Koma mwamuna wakoyu ulemu unamulowa m'mafupa."

Kenaka anauza anthu atembenuze mpando. Ine ndinamva miyendo ya mpando ikukwekwereka, thukuta lili kamukamu.

"Tembenukani, bambo. Ndikuoneni."

Ndinatembenuka. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mbali imodzi ya pakamwa ikumwetulira.

"Ha! Zaka zisanu... ndimayesa mwana wanga anakwatiwa ndi munthu wokongola."

Ngakhale a Filimoni anaseka, mosafuna. Nkhuku inaphedwa. Njinga inabwerera madzulo omwewo, belu litathyoka. Kuboma ndinakaonetsa ndine, Mailesi atagwidwa ndi mutu.

Nkhani ikanathera apa, bwenzi ili yokoma kuifotokoza pamowa. Ndaifotokozapo kambirimbiri, ndipo nthawi zonse ndimalekezera pa nkhuku.

7

Apongozi anakhala zaka zina zisanu. Tinasanduka mabwenzi. Ndinkawasenzera madzi, ankanditcha "dokotala wa ndevu". Koma dzanja silinabwerere. Mayi amene ankapalira mizere iwiri pamene ine ndili pa umodzi, tsopano ankadikira Lonia kuti awamange nsalu ndi kuwadulira chakudya. Ndinkawaona akuyang'ana khasu lawo litatsamira pankhokwe. Ndipo Lonia ankakonda kunena, mokoma mtima, akuwasisita dzanjalo:

"Atate ake Ezara akanakhala pafupi tsiku lija, bwenzi dzanjali lili lamoyo. Koma dimba lija kutalika."

Nthawi iliyonse akatero, ine ndinkatuluka kukayang'ana mbuzi.

Anamwalira mu Juni chaka chathachi, ndi chibayo. Patapita sabata, ine ndi Lonia tinali pakhonde tikuswa nsawa. Ananenanso mawu aja, a dimba. Ndinaika lichero pansi.

"Amake Ezara, sindinali kudimba."

Sanasiye kuswa.

"Ndinali panjira yomweyo. Ndinawaona akubwera, ndinapatukira m'chimanga monga mwa masiku onse, ndi kunyonyomala. Mapazi khumi kuchokera pa muwanga. Mphenzi itagunda makutu anatseka, koma maso ankaona. Ndinaona mapazi awo atagwa cham'mbali, osasuntha."

"Ndiye?"

"Ndinadziwa chimene chachitika. Sisitala anali atatiuza. Koma miyendo inakana. Ndinati mwina angokomoka, adzuka, andipeza ndaima pamutu pawo. Ndinatsokomola kuti adziwe kuti pali munthu. Ndinadikira. Kenaka ndinasendera pang'ono, nditafulatira, ndi kuwomba m'manja."

"Kuwomba m'manja."

"Ndinati, odi."

Nsawa inagwa m'manja mwake.

"Ndinati, odi amayi. Ndinadikira ayankhe. Kenaka ndinathamanga kulowera kwa Mailesi kuti adzachite ndiye, ndinafika pachulu paja, ndinakumbukira kuti sadziwa kanthu, ndinabwerera. Ndi pamene ndinagwada."

"Nyimbo ija ya Sisitala inali itatha?"

"Sindidziwa. Ndakhala ndikuiimba mumtima zaka zisanu, ndikuyenda kuchokera m'chimanga kufika pachulu ndi kubwerera. Tsiku lina imatha, tsiku lina imatsala vesi limodzi."

Nkhuku zinabwera kudzatola nsawa, Lonia osazipirikitsa.

"Kangati?"

"Chiyani?"

"Odi wanuyo. Munamunena kangati?"

"Katatu."

Anaimirira, nakutumula chitenje, nalowa m'nyumba. Ine ndinayang'ana mkeka wanga uli pachingwe, ndi kuyamba kuganiza za njira ya ku Pembamoyo.

Masiku anayi sanandilankhule. Lachisanu m'mawa anatulutsa njinga, nati ndimukweze mpaka kuboma. Njira yonse ndinkayesa wapita kukhoti. Anatsikira pachipatala, nafunsa Sisitala Felicia, amene tsopano anali ndi imvi.

"Sisitala, chidole chija chikadalipo?"

"Chilipo, chatha mphuno."

"Mubwere nacho ku Mlolo. Mutiphunzitse ife amayi, tonse, ndi a Chigwirizano omwe. Amuna athuwa ulemu unawachulukira."

Pobwerera, tili pamtsetse, analankhula kumsana kwanga.

"Kwa amalume sindipita. Ana akula, ndipo amayi anakukondani. Munawapatsa zaka zisanu, zimenezo sindingakulandeni. Koma dzanja lija ndinalisambitsa ndine, tsiku ndi tsiku, inu mukundimvera ndikunamizira dimba."

"Ndalakwa, amake Ezara."

"Popeza odi mumamukonda, kuyambira lero muzimunena pakhomo panga."

8

Owerenga anzanga, sindinalembe izi kuti munyoze mwambo. Mwambo womwewo ndi umene unandipulumutsa pansi pa mango, pamene nzeru zanga za ku Kitwe zinali zitatha. Ndipo mwina Sisitala ananena zoona, mwina dzanja lija inapha ndi mphenzi, ine ndilibe mlandu. Mwina. Mawu amenewo ndi mphasa yaifupi: ukafunda kumutu, mapazi ali pamphepo.

Chimene ndikudziwa n'chakuti m'midzi mwathu muno chipatala chili kutali, ndipo tsiku limene munthu adzagwe pamaso panu sadzakhala mlendo wa labala wopanda miyendo. Adzakhala munthu amene mumamuopa, kapena amene simuyenera kumugwira, kapena amene munakangana naye dzulo pa malire a munda. Funso lija ine sindinafunse kwa Sisitala, inu mulifunse lero, mudakali ndi nthawi yoseka. Ku Mlolo tsopano amayi khumi ndi anayi amadziwa kutsina mphuno ndi kuwerenga mpaka khumi ndi zisanu, ndipo wowakalipira akapinda manja ndi Lonia.

Ine ndikadali pachikamwini. Ana anga ndimawaona tsiku lililonse. Koma mukadzadutsa kwathu madzulo, mudzaona bambo wa imvi ataima pakhomo pa nyumba imene anamanga yekha, khasu paphewa, akuwomba m'manja. Mkati muli munthu, ndipo akumva bwinobwino. Odi woyamba sayankha. Wachiwiri sayankha. Ndimaima pamenepo, ndi kumva kutalika kwake kwa nthawi imene munthu amadikira, ndisananene wachitatu.